Mapu a zigumukire: phiri lidzagumuka pati, nanga matope akaima pati?

Mu Disembala 1999, mvula inagwa mosalekeza m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja ku Vargas, m'dziko la Venezuela. Pamalo oyezera mvula a ku Maiquetía panagwa mamilimita 911 m'masiku atatu okha, kuyambira pa 14 mpaka pa 16. Nthaka itakhuta madzi, mapiri anagumuka m'malo ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo matope osakanikirana ndi miyala komanso mitengo anatsika ndi makwawa n'kukatulukira m'matauni monga Caraballeda ndi Carmen de Uria. Anthu omwalira akuyerekezedwa kuti anali pakati pa 10,000 ndi 30,000. Ambiri mwa iwo sankakhala kumtunda kumene nthaka inang'ambika ayi. Ankakhala m'munsi, pamalo osalala bwino, oti aliyense akawaona amalakalaka atamangapo nyumba.

Malo osalala aja sanangopezeka. Pomwe khwawa latulukira m'phiri n'kufika pachigwa, madzi amatha mphamvu n'kutula katundu wake. Pakapita zaka mazanamazana, miyala ndi mchenga zimaunjikana n'kupanga mtunda woyalika, wokwererako pang'ono kuposa dambo, wosasunga madzi. Wofuna malo amati wapata. Katswiri wa za nthaka akafikapo amadziwa kuti waima pa zotsala za napolo wakale, ndipo njira imene napoloyo anadzera ikadali yotsegula.

Ntchito yojambula mapu a ngozi zoterezi imafuna kuyankha mafunso awiri, ndipo lachiwiri ndi limene limaiwalika kawirikawiri. Loyamba ndi lakuti nthaka ingagumuke pati. Lachiwiri ndi lakuti ikagumuka, idzayenda mpaka kukafika pati. Kuyankha zimenezi pa phiri limodzi n'kotheka: akatswiri amapita, amaboola nthaka, amayeza madzi apansi, amawerengetsera. Koma boma likafuna mapu a chigawo chonse kapena dziko lonse, palibe angakwanitse kuboola mtunda uliwonse. Pamenepo m'pamene pamalowera masamu ndi makompyuta, ndipo pamalowanso kunyengerera, chifukwa chimene wapindula pa kukula kwa dera umachilipira potaya tsatanetsatane.

Chimene chimagumula nthaka

Nthaka ya pamalo otsetsereka imakhala pakati pa mphamvu ziwiri. Kulemera kwake kumaikokera pansi, pomwe kukhuzana kwa timiyala, kumatirirana kwa dothi ndi mizu ya mitengo zimaigwira. Mvula ikalowa pansi imachita zinthu ziwiri. Imawonjezera kulemera, koma choopsa kwambiri n'chakuti madzi amadzaza timipata ta m'nthaka n'kuyamba kukankha timiyala kuti tisiyane. Tikasiyana, kugwirana kuja kumachepa. Nthawi zambiri izi zimachitikira pomwe dothi lakumana ndi thanthwe, chifukwa madzi akafika pamenepo amasowa kolowera. Akatswiri amatenga mphamvu zogwira n'kuzigawa ndi mphamvu zokoka. Yankho likaposa 1, mtunda uli chiimire. Likatsika kufika pa 1, nthaka ikhoza kuchoka nthawi ina iliyonse.

Si chigumukire chilichonse chimene chimasanduka napolo. China chimangotsetsereka mamita ochepa n'kuima, china chimayenda pang'onopang'ono kwa zaka, kumang'amba makoma ndi misewu koma osapha munthu. Napolo amabadwa pomwe nthaka yogumukayo yagwera m'khwawa muli madzi. Imasungunuka n'kukhala ngati konkire wosauma, wolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, ndipo miyala ndi dothi zimakhala zoposa theka la zonse zimene zikuyenda. Kulemera kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti miyala ikuluikulu kuposa galimoto itengedwe. Miyalayo imasonkhana kutsogolo, matope amadzimadzi n'kumaikankha kumbuyo, ndipo liwiro limatha kupitirira mamita 10 pa sekondi. Akamatsika amakokolola pansi ndi m'mbali mwa khwawa, kotero kuti chimene chinayamba ngati kachigumukire kakang'ono chimakafika m'munsi chitakula kambirimbiri. Sabweranso kamodzi. Amabwera m'magulu, lina pambuyo pa linzake, ndipo munthu wobwerera msanga kukaona zowonongeka akhoza kukumana ndi gulu lachiwiri.

Kafukufuku wa Melanie Froude ndi David Petley anapeza kuti kuyambira 2004 mpaka 2016, zigumukire 4,862 zosayambitsidwa ndi chivomezi zinapha anthu 55,997 padziko lonse, ndipo zambiri zinachitikira ku Asia.

Kaundula ndi chithunzi cha mtunda

Mapu aliwonse odalirika amayambira pa kaundula wa zigumukire zakale: zinachitikira pati, zinali zazikulu bwanji, za mtundu wanji, ndipo ngati n'kotheka, tsiku lanji. Mfundo yake anaimveketsa David Varnes m'lipoti limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi sayansi, inasindikiza mu 1984, yakuti zimene zinachitika kale ndi zimene zikuchitika pano ndizo zimatiuza za m'tsogolo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo amene anagumukapo, komanso malo ofanana nawo, ndi amene adzagumukenso.

Mayiko amasiyana kwambiri pa nkhani ya kaundula. Italy ili ndi kaundula wotchedwa IFFI, momwe muli zigumukire zoposa 620,000. Hong Kong, itataya anthu oposa 100 tsiku limodzi pa 18 Juni 1972 ku Sau Mau Ping ndi Po Shan Road, kenaka ngozi ina n'kuchitikanso mu 1976, inakhazikitsa ofesi yapadera mu 1977, ndipo lero ili ndi mndandanda wa malo otsetsereka pafupifupi 60,000 odulidwa kapena kuunjikidwa ndi anthu, aliwonse ndi nambala yake. Mayiko ena ambiri kaundula wawo ndi nkhani za m'nyuzipepala basi.

Chachiwiri chofunika ndi chithunzi cha mtunda cha pakompyuta. Dera lonse limagawidwa m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamapatsidwa nambala yosonyeza kukwera kwake. Kuchokera pa manambalawa kompyuta imawerengera kutsetsereka kwa malo, mbali imene ayang'ana, ngati ali obulungira kapena olowa mkati, ndi kuchuluka kwa madzi a kumtunda amene amadutsa pamenepo. Mu Febuluwale 2000, chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza mbali yaikulu ya dziko lapansi ndi radar m'masiku 11, ndipo zotsatira zake, zotchedwa SRTM, zimapezeka kwaulere m'timabokosi ta mamita 30.

Mamita 30 amamveka ochepa, koma taganizirani khwawa lotambalala mamita 5 ndi lakuya mamita 4. M'chithunzi chotere khwawalo limazimiririka, chonsecho ndi limene lidzanyamule napolo. Njira ya LiDAR, imene ndege imawombera kuwala kwa laser pansi n'kuyeza nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, imatha kupereka timabokosi ta mita imodzi, ndiponso imaona nthaka kupyola masamba a mitengo, n'kuulula zipsera za zigumukire zakale zimene nkhalango inabisa. Vuto lake ndi mtengo komanso kuchuluka kwa manambala. Dera la makilomita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi limakhala ndi timabokosi pafupifupi 11 miliyoni pa mamita 30, koma pa mita imodzi timafika 10 biliyoni.

Pamwamba pa izi amasanjikapo mapu a mitundu ya miyala, a dothi, a zomera, a misewu ndi a mvula.

Kupeza pomwe pangagumuke

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yowerengera zofanana. Kompyuta imapatsidwa malo amene anagumuka ndi amene sanagumuke, n'kufufuza chimene chimawasiyanitsa. Mwina ipeza kuti zigumukire zambiri zili pamalo otsetsereka madigiri oposa 30, olowa mkati, pamwamba pa thanthwe lamtundu wakutiwakuti. Kenaka imasakasaka malo onse ofanana ndi amenewo n'kuwapaka mtundu wofiira. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu ophunzira okha, amene amatha kusakaniza zinthu makumi angapo nthawi imodzi. Pofuna kuyesa ngati mapu agwira, amabisa gawo lina la kaundula, n'kuona ngati zigumukire zobisidwazo zagwera m'malo ofiira. Mapu abwino ndi amene amakola zigumukire zambiri m'dera laling'ono lofiira. Kupaka dziko lonse kufiira n'kosavuta, ndipo sungaphonye chigumukire ngakhale chimodzi, koma mapu otero palibe chimene auza munthu.

Msampha wa njira imeneyi uli m'kaundula momwemo. Zigumukire zimene zimalembedwa ndi zimene zatseka msewu kapena kugwetsa nyumba. Za m'nkhalango kutali palibe amaziona. Kompyuta ikaphunzira pa kaundula wotere imaganiza kuti chiopsezo chili m'mbali mwa misewu mokha, ndipo mapiri opanda anthu imawayesa otetezeka. Chosokoneza china n'chakuti misewu imagumuladi nthaka, chifukwa kudula phiri kumachotsa chochirikiza, ndiye kulekanitsa zoona ndi chinyengo cha kaundula si ntchito yamasewera. Ine mapu okongola otuluka m'pulogalamu yapamwamba sandisangalatsa msanga ndisanamve kuti kaundula wake anamusonkhanitsa bwanji.

Njira yachiwiri ndi yotsata malamulo a chilengedwe. M'malo mofunsa za kale, imawerengera mphamvu ziwiri zija pa kabokosi kalikonse. David Montgomery ndi William Dietrich anafalitsa njira yotere mu 1994, imene inadzatchedwa SHALSTAB, ndipo bungwe la USGS, loona za nthaka ndi miyala ku America, lili ndi pulogalamu ya TRIGRS yotsatira mmene mvula imalowera pansi ola ndi ola. Ubwino wake ndi wakuti ukhoza kufunsa kuti, mvula itagwa yochuluka chonchi, ndi malo ati angachoke. Koma imafuna kudziwa kuya kwa dothi, kulimba kwake ndi mmene limamwera madzi, zinthu zimene zimasintha pa mtunda wa mapazi ochepa ndipo palibe anaziyezapo dziko lonse. Masamu amakhala olondola, koma manambala olowetsamo amakhala ongoyerekeza.

Ulendo wa matope

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa anthu amafera kumene matope afika. Ku Oso, m'boma la Washington ku America, pa 22 Malichi 2014, phiri limene linkadziwika kale kuti limagumuka linachoka n'kuwoloka mtsinje, n'kuyenda pafupifupi kilomita imodzi pachigwa chosalala. Anthu 43 anafa. Aliyense woyang'ana kutsetsereka kwa malo kokha akanati nyumba zawo zili pabwino.

Njira yakale kwambiri yoyezera ulendowu inachokera kwa Albert Heim wa ku Switzerland mu 1932, ndipo ikugwirabe ntchito. Umajambula mzere wowongoka kuchokera pamwamba pomwe chigumukire chinayambira kukafika pomwe chinaima, n'kuyeza kupendekeka kwa mzerewo. Ukachita zimenezi pa ngozi zambiri, umapeza malire. M'mapiri a Alps ku Ulaya, napolo wa miyala ikuluikulu kawirikawiri amaima mzerewo usanatsike kupitirira madigiri 11, pomwe wa matope osalala amatha kufika pa madigiri 7. Tinene kuti chigumukire chayambira mamita 200 pamwamba pa chigwa. Pa madigiri 11 chikhoza kuyenda kupitirira pang'ono kilomita imodzi. Pa madigiri 7 chikafika mamita oposa 1,600. Kusiyana kwa madigiri anayi okha kukhoza kulowetsa mudzi wonse m'dera loopsa kapena kuutulutsamo, ndipo wosankha nambalayo ndi munthu, osati kompyuta.

Pulogalamu ya Flow-R, yopangidwa ku yunivesite ya Lausanne ku Switzerland, inatenga ganizo limeneli n'kuliyala pa madera akuluakulu. Imayamba ndi kusankha timabokosi timene tingakhale gwero: totsetsereka mokwanira, tolowa mkati, tolandira madzi ambiri a kumtunda. Kuchokera pa gwero lililonse imatsitsa matope kabokosi ndi kabokosi, kumawagawira mbali zotsika, mpaka mphamvu itatha. Sifunsa kuti matopewo ndi ochuluka bwanji, ndipo n'chifukwa chake imathamanga moti ikhoza kumaliza dziko lonse. Norway inaigwiritsa ntchito pojambula mapu a dziko lake a malo amene napolo angafike. Njira ina, ya LAHARZ, imene Richard Iverson, Steve Schilling ndi James Vallance anaiyala mu 1998 chifukwa cha matope a m'mapiri ophulika, imayambira pa kuchuluka: ukaiuza kuti matope ndi ochuluka chonchi, imakuuza kukula kwa malo amene adzakwiririke.

Palinso mapulogalamu ozama monga RAMMS, amene amawerengera kuya kwa matope, liwiro lake ndi mphamvu imene angamenyere khoma. Amenewa ndi a khwawa limodzi limodzi, ndipo amawakonza poyerekeza ndi zoyezedwa m'malo ngati Illgraben ku Switzerland, kumene napolo amatsika pafupifupi chaka chilichonse ndipo asayansi anatcherako makamera ndi sikelo yoyezera kulemera kwa zodutsa. Ndondomeko yanzeru ndi yakuti mapu a dera lalikulu aloze makwawa okayikitsa, kenaka akatswiri apite ndi zida zozama kumene kuli anthu.

Nanga lidzachitika liti?

Mapu ambiri amene amatchedwa a ngozi sanena za nthawi. Amangosonyeza kuti malo awa ndi osavuta kugumuka kuposa awo. Kuti akhale a ngozi enieni ayenera kunenanso kuti zimachitika kangati ndiponso zazikulu bwanji, ndipo kuti asonyeze chiopsezo ayenera kuwonjezera anthu, nyumba ndi misewu zimene zili m'njira. Zitatuzi anthu amazisakaniza kwambiri, ngakhale m'malipoti a boma.

Nthawi imalowa kudzera mu mvula. Mu 1980, Nel Caine anasonkhanitsa ngozi 73 za m'mayiko osiyanasiyana n'kujambula mzere wolekanitsa mvula yogumula ndi yosagumula. Malinga ndi mzere wake, mvula ya ola limodzi imafunika kufika pafupifupi mamilimita 15, koma ikagwa tsiku lathunthu, mamilimita 4 ndi pang'ono pa ola ndi okwanira. Chiyambireni apo, dera lililonse lakhala likufuna mzere wakewake, chifukwa nthaka yozolowera mvula yambiri sifanana ndi ya kouma, ndipo chinyontho cha masabata apitawo chimasintha zonse. Bungwe la NASA linalumikiza mvula yoyezedwa ndi masetilaiti ndi mapu a dziko lonse lapansi m'njira yotchedwa LHASA, imene imasonyeza madera amene chiopsezo chakwera pa nthawiyo. Ndi yothandiza kwa mabungwe opereka chithandizo, koma timabokosi take ndi ta pafupifupi kilomita imodzi. Singakuuzeni za nyumba yanu.

Chinanso, nthaka imasintha mapu atatuluka kale. Chivomezi cha ku Wenchuan, ku China, cha pa 12 Meyi 2008 chinayambitsa zigumukire pafupifupi 200,000 ndipo chinasiya milu ya dothi lotakasuka m'makwawa. Zaka zotsatira, mvula imene kale sinkaopsa inayamba kubweretsa napolo. Moto nawo umachita chimodzimodzi: umapsereza zomera n'kusiya dothi losamwa madzi.

Zimene zinachitika ku Montecito, ku California, zimasonyeza bwino malire a mapu. Mu Disembala 2017 moto wolusa unatentha mapiri a pamwamba pa tauniyi. USGS inawerengera msanga n'kusonyeza kuti makwawa a kumeneko akhoza kutulutsa napolo. Pa 9 Januwale 2018, m'bandakucha, kunagwa mamilimita pafupifupi 13 m'mphindi zisanu, ndipo anthu 23 anafa. Chenjezo linalipo, ndipo linali loona. Koma mapu aja ankanena za makwawa a m'phiri, osati za njira imene matope adzadutse m'tauni. Malire a anthu olamulidwa kusamuka anatsata msewu, pomwe matope anatsata mitsinje n'kuwoloka msewuwo, ndipo ambiri mwa omwalira anali mbali imene kusamuka kunali kwa kufuna kwa munthu. Pambuyo pake akuluakulu a deralo anatulutsa mapu atsopano otsata mitsinje.

Ku Armero, m'dziko la Colombia, mapu sanalakwe n'komwe. Mu Okutobala 1985 akatswiri anatulutsa mapu osonyeza kuti phiri la Nevado del Ruiz likaphulika, matope adzafika m'tauniyo. Linaphulika pa 13 Novembala, matope anatenga maola oposa awiri kuti afike, ndipo anapeza anthu ali m'nyumba zawo. Oposa 20,000 a m'tauniyo anafa.

Mzere wa pamapu umakhudza ndalama, ndipo n'chifukwa chake umakanidwa. Japan inaona zimenezi. Napolo atapha anthu ku Hiroshima mu Juni 1999, dzikolo linakhazikitsa lamulo mu 2000 logawa malo oopsa m'magulu awiri. Achikasu ndi amene pamafunika dongosolo la chenjezo ndi kothawira, ndipo ofiira ndi amene kumanga kumaletsedwa kapena kuikiridwa malamulo okhwima. Miyezo yake ndi yosavuta kuitsata: mtunda wotsetsereka madigiri 30 kapena kuposa, wotalika mamita 5 kapena kuposa, ndipo m'munsi mwake dera lachikasu limafika kawiri kutalika kwa mtundawo koma osapitirira mamita 50. Pakamwa pa khwawa, malo oyalika aja amawerengedwa mpaka pomwe kutsetsereka kwatsika kufika madigiri 2. Wogulitsa nyumba ya m'dera lotere ayenera kumuuza wogula. Komabe ntchito yolengeza maderawa inkayenda mwapang'onopang'ono, mwa zina chifukwa eni malo ankaopa kuti mitengo ya malo awo itsika. Mu Ogasiti 2014 napolo anagweranso Hiroshima usiku n'kupha anthu oposa 70, ndipo malo ambiri amene anakhudzidwa anali asanalengezedwe. Chaka chomwecho lamulo linasinthidwa kuti zotsatira za kafukufuku zizitulutsidwa poyera akangomaliza kuyeza, osadikira kuti dera lilengezedwe kaye.